Wotchi ya Damiano

Inu ana, sendererani kuno kudzuwa, chisanu cha mwezi uno sichisankha wamkulu kapena wamng'ono. Tadala, kokera dengulo pafupi. Kachewere wa maso awiri kapena atatu muziika uku, ndiye wa mbewu. Wotemedwa ndi khasu muziponya m'beseni, ameneyo tidya ife. Manja azigwira ntchito, makutu azimva. Chiyambire m'mawa ndikumuona Mphatso akungosuzumira pa foni yake kuti aone nthawi, ngati pali basi imene ikumusiya. Ukupita kuti, mwanawe? Khala pansi. Lero ndikuuzani za wotchi yoyamba imene ine ndinaigwira ndi manja angawa.

Ife tikukula, nthawi sinkakhala pamkono pa munthu. Kunali tambala, kunali mthunzi wa nkhokwe, kunalinso belu la ku mishoni ku Bembeke limene linkalira dzuwa lili paliwombo. Likalira, amayi ankaimika khasu, kupemphera pang'ono, kenako n'kutiuza kuti, "Mzere umodzi tiweruke." Mzere umodziwo unkabereka ina isanu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Wotchi inali ya ansembe, aphunzitsi aakulu ndi anthu obwera kuchokera ku Joni. Ife ena tinkangoiona patali ikung'anima.

Agogo anu aamuna, malemu a Gelevazio, anabwera kudzamanga pano pachikamwini ine ndili kamtsikana kowonda ngati bango. Inu munawapeza atakalamba, ali ndi ndodo ndi chipewa chawo chija, choncho simungakhulupirire kuti anali mnyamata wosalala, woimba kutchalitchi mpaka atsikana n'kumaiwala tsamba la nyimbo. Ineyo ndinaiwala kangapo. Musaseke, inu mukanabadwa bwanji?

Titangokhala chaka chimodzi, ine ndili ndi pakati pa mayi anu aakulu a Filomena, iwo analembetsa ulendo wa kumigodi. Masiku amenewo anyamata a kuno ankapita ambiri. Munda unkadyetsa, koma sunkaveka munthu bulangete. Anakhalako zaka ziwiri. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo popeza ine sukulu ndinaithawa ndisanadziwe kulumikiza zilembo, wotiwerengera anali mphunzitsi wa pamudzi, mokweza, anthu onse a pakhomo ali tcheru. Ndiye munthu akanalembamo zachikondi? M'kalata munkangokhala, "Chimanga chili bwanji, mbuzi ija inaswa, mwana akukwawa?" Inu a masiku ano mumanong'onezana pa foni mutafunda, simudziwa mwayi wanu.

Anabwera titangomaliza kukolola. Anabwera ndi bokosi lachitsulo, mabulangete awiri, sefuliya, nsalu zanga zitatu ndi njinga yakuda imene mudzi wonse unabwera kudzaliza belu lake. Katundu anafika yense, koma munthuyo ndinaona kuti sanafike yense. Kuimba kunatha. Ankagwira ntchito ngati ng'ombe, n'kubwera kudzakhala pakhonde duu, maso ali kuphiri. Ukawafunsa za ku Joni ankangoti, "Kunali bwino." Basi.

Ndipo panali chinthu chimodzi. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatsegula bokosi lija, kutulutsa kachitini ka fodya, m'kachitinimo n'kutulutsa kansalu koyera. M'kansalumo munali wotchi. Ankapotokola kamutu kake ka pambali pang'onopang'ono, kuiika kukhutu, kumvetsera, n'kuikulunganso. Pamkono sankaivala, ngakhale Lamulungu.

Tsiku lina ndinafunsa. "Bambo a Filo, anzanu obwera ku Joni mawotchi awo amavala mpaka kumunda. Inu bwanji?"

"Si yovala."

"Nanga ndi yotani?"

"Nambewe, usaikhudze."

Anangonena zomwezo n'kutuluka.

Tsono kuchitsime kuli sukulu yakeyake. Nditangotchula nkhaniyi kwa anzanga, aphunzitsi anapezeka ambiri. Wina anati, "Imeneyo anawapatsa mkazi wa kumeneko." Wina n'kuonjezera, "Chinthu chimene mwamuna amachimvetsera m'mawa asanakupatse moni iweyo, usafunse mwini wake." Ine ndinaseka nawo, koma pobwerera ndowa inandilemera kuposa masiku onse. Nsanje, ana inu, ndi chitedze. Ukayamba kukanda susiya.

Ndiye m'mawa wina agogo anu anatenga njinga kupita kukadula mitengo ya khola. Ine ndinadikira mpaka belu la njinga litasiya kumveka, n'kutsegula bokosi. Ndinkacheukacheuka ngati ndikuba kwa eni.

Inali wotchi yakale ndithu, yotuwa ngati supuni, nkhope yake yachikasu ngati dzino la nkhalamba. Lamba wake anali wachikopa, wakuda ndi thukuta la anthu. Pamwamba panali galasi, ndipo galasilo linagwiridwa ndi kamkombero kachitsulo kozungulira, monga mmene mkombero umagwirira lichero. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna dzina la mkazi, ngati kuti ndikanatha kuliwerenga. Kenako ndinati, bwanji ndingoyesa. Inakana kukhala padzanja, mkono unali wochepa. Ndinaikankhira m'mwamba pafupi ndi chigongono, n'kukhala.

Pamenepo ndikanaivula, nkhani ikanathera pomwepo. Koma panja anzanga awiri anali atafika ndi misi yawo kuti tikonole chimanga. Chigayo chinali kutali nthawi imeneyo, mphale tinkakonola tokha, atatu pa mtondo umodzi, misi ikulowa mosinthana. Ndinatuluka mkono uli patsogolo ngati wathyoka.

"Eee! A Nambewe! Nthawi ili bwanji?"

Ndinayang'ana mivi ya wotchiyo, nayo n'kundiyang'ana. Ndinayankha kuti, "Ili bwino."

Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Tinayamba kusinja, nyimbo ili pakamwa, ine ndikukweza musi kuposa onse kuti wotchi ione dzuwa. Thukuta litayamba, lamba anaterereka. Sindinamve n'komwe. Ndinangomva kuti khe! Wotchi yatsetsereka mpaka padzanja n'kumenya musi.

Galasi tinalipeza msanga, linagwera m'lichero la mphale, losasweka. Koma kamkombero kaja kanalowa pansi. Tinapeta chimanga chonse katatu. Tinasefa gaga ndi zala. Tinasesa bwalo lonse, fumbi lake n'kulipetanso. Mnzanga wina anathamangitsa tambala amene anamuona akujompha pafupi, kumugwira, kumupapasa pakhosi, osapeza kanthu. Mpaka lero sindidziwa kumene kanapita. Mwina kali pansi pomwe mwakhalapa.

Wotchi inali ikuyendabe, koma nkhope ili pamtunda, fumbi la gaga likugwera pa mivi. Ndikaika galasi, linkangogwa. Mnzanga anati timate ndi ulimbo. Wina anati, "Ungonena kuti ndi mwana, mwana sakhala ndi mlandu." Ndinamuyang'ana Filomena akudya dothi pafupi ndi mtondo, ndipo ndisakunamizeni, maganizo amenewo ndinawasunga kanthawi ndithu. Koma wotchi inali m'kachitini, kachitini m'bokosi, bokosi lotseka. Mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi akanakhala mfiti yotani?

Agogo anu anafika dzuwa litapendeka, mitengo ili panjinga. Ndinawasiya amasule, amwe madzi. Kenako ndinagwada patsogolo pawo, kansalu kali m'manja, n'kukatambasula.

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndikanakonda akanati ndilongedze, ngakhale kuti mudzi unali wathu, wolongedza akanakhala iwowo. Koma anangokhala pansi pakhonde, kutenga wotchi ija, n'kuyamba kuuzira fumbi pang'onopang'ono ngati akuuzira diso la mwana. Patapita nthawi anati, "Ukumudziwa mwini wake?"

Ndinati, "Ayi." Mumtima ndinati, lero ndimva dzina la mkaziyo.

"Dzina lake Damiano. Wa ku Lobi."

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva za ku Joni koyamba. Damiano anakumana naye m'lole popita. Kumigodi anagona chipinda chimodzi, kutsika pansi limodzi, kugwira ntchito pamalo amodzi. Wotchiyo Damiano anaigula kwa mdala wina amene ankabwerera kwawo, ndipo ankanyadira kuti ndi yakale kuposa iwo onse awiri. Pansi sankapita nayo, ankaopa fumbi. Tsiku lina akucheza anapangana kuti wina akadzatsala kumeneko, mnzake adzatenge chinthu chake chimodzi akapereke kwa amayi ake pamanja, osatumiza.

"Tinkanena ngati nthabwala," anatero agogo anu. "Ndiye tsiku lina tili pansi ine ndinamva ludzu. Ndinachoka kukamwa madzi, kuchokera pano kufika pa nkhokwe apo. Mwala unagwa pamene ndinali nditaima. Iye anali pomwepo."

Ananena kuti uthenga wa maliro unapita ndi kalata ya ku ofesi, ndipo Damiano anaikidwa komweko. Chotsala chinali wotchi.

"Miyezi itatu ndili pano, Nambewe. M'mawa uliwonse ndimati mawa ndipita. Koma ndikafika, amayi ake akandifunsa kuti, iwe unatuluka bwanji wanga n'kutsala, ndikayankha chiyani? Kuti ndinali ndi ludzu?" Anaikulunga wotchi ija. "Tsopano ndikapereka bwanji chonchi? Mwana wawo anaphwanyika m'manja mwanga, wotchinso?"

Ana inu, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Ine kulimbana ndi mkazi woti kulibe, mwamuna wanga akusenza maliro yekha m'kachitini ka fodya.

Kutacha ndinati, "Ndipatseni ndipite nayo kuboma. Ndaononga ndine." Anandiyang'ana, n'kundipatsa. Mwana ndinasiya kwa amayi. Ndinasenza dengu la kachewere, wotchi ndi galasi ndinazikulunga padera n'kuzimanga pamfundo ya chitenje.

Inu mukafuna kupita ku Dedza mumangoimika njinga yamoto, musanamalize kukangana za mtengo mwafika. Ife tinkayenda. Tsiku limenelo nkhungu inali yoti sungaone munthu ali pa mtengo wa pichesi uwo, udzu uli mbuu ndi chisanu, mapazi opanda nsapato. Zala zakumapazi ndinasiya kuzimva ndisanafike pamsewu waukulu. Pafupi ndi msika panali anyamata a chipani ofunsa makadi, monga zinalili masiku amenewo. Khadi langa ndinali nditaliika pamwamba pa kachewere dala, kuti ndisamasule mfundo pamaso pawo. Kamkazi kopanda nsapato kali ndi wotchi ya mwamuna, akanati ndaitenga kuti? Anaona khadi, n'kundikodola kuti ndidutse. Zinthu zimenezo sitinkazikamba mokweza, ndipo lero sindizitalikitsa.

Wokonza mawotchi anali mmodzi yekha, a Jafali. Ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, pambali pa telala, ndi katebulo kawo kakang'ono. Anali bambo wachikulire, wa mwendo umodzi wopuwala, wa kandevu koyera. Anatenga wotchi ija, n'kuika kagalasi padiso limodzi, kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Mayi, wotchi iyi inakulakwirani chiyani?"

"Ndinasinja nayo, bambo."

Anachotsa kagalasi kaja kuti andione bwino. Telala naye anaimika makina. "Munasinja nayo," anabwereza a Jafali. "Zaka zonse ndakhala pano, ndalandira zogwera m'madzi, zopondedwa ndi ng'ombe, koma yosinja ndi yoyamba."

Anatulutsa chitini chodzaza ndi mawotchi akufa n'kukhuthulira patebulo. Anayamba kuchotsa mikombero umodziumodzi ndi kampeni, kuyesa. Uwu waukulu. Uwu waung'ono. Uwu ukulowa koma galasi likugwedera. Anayesa yonse, dzuwa mpaka kuboola nkhungu. Pomaliza anapukusa mutu.

"Iyi ndi nkhalamba, mayi. Inapangidwa inu musanabadwe. Zitsulo zake kuno kulibe, ngakhale ku Limbe sindikhulupirira. Muisunge m'nsalu momwemo, iziyenda mpaka fumbi lidzaipha."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, misozi ili chuchuchu, anthu akudutsa. Sindinkafuna kuulula nkhani ya mwamuna wanga kwa mlendo, koma inatuluka yokha, yonse, mpaka za ludzu. A Jafali anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati nawonso anali ndi mng'ono wawo amene anapita kum'mwera osabwerako, ndipo kwawo sikunafike ngakhale batani. Atatero anayang'ana dzanja langa lamanzere.

Padzanja pamenepo panali chigwinjiri chamkuwa, chopyapyala. Amayi anandiveka nditatha msinkhu, nawonso anavekedwa ndi amayi awo. Chinali chisanachokepo chivalireni.

"Chimenecho mumachikonda?"

"N'cha amayi."

"Ndiye basi, tisiye."

"Chingagwire ntchito?"

"Mkuwa umamva. Ndikhoza kuusula, kuupinda, kuupala mpaka ufanane. Sindikulonjeza, koma ndikhoza kuyesa."

Ndinatambasula dzanja. "Dulani."

Anachikanula ndi pulayala, ine nditayang'ana kumbali. Pamene chinali panatsala mzere woyera. Anati ntchitoyo ndi ya masiku atatu, ndisiye wotchi. Apo ndiye ndinachita mantha. Ndinati, "Bambo, chinthu chimodzi. M'mawa uliwonse muziipotokola. Chichokereni ku Joni sinaimepo."

"Ndikamaliza kupemphera m'mawa, choyamba chikhala chimenecho," anatero. Kachewere ndinawasiyira, dengu ndinabwerera nalo lopanda kanthu.

Kunyumba agogo anu anaona kuti ndabwera wopanda wotchi, anaonanso dzanja langa. Sanafunse za chigwinjiri. Amayi ndiwo anafunsa, ndipo nditawauza anandikalipira za kusinja, koma za chigwinjiri anangoti, "Mkuwa si munthu." Masiku atatu amenewo agogo anu ankangozungulira pabwalo m'mawa ngati nkhuku yofuna poikira.

Tsiku lachinayi tinapita tonse panjinga, ine pakaliyala, kamtolo kali pamiyendo. Sanafunse kuti m'kamtolomo muli chiyani.

Tinawapeza a Jafali akutidikira. Anationetsa kamtengo kamene anasema kofanana kukula ndi galasi, kamene anakulungirapo mkuwa uja atauotcha pa pulayimasi ndi kuusula. Polumikiza anawathandiza wokhoma zidebe wa kuseri kwa msika. Mkombero woyamba anati unakhwepa, anadula wina. M'kati mwake anapalamo kangalande ndi tupa yaing'ono ngati singano, kuti galasi likhalemo. Zala zawo zinali ndi mabala.

"Ndasiya kutseka kuti mwini ntchito aone," anatero. Anapukuta nkhope ya wotchi ndi nthenga, kuika galasi m'kamkombero, kukhazika pamwamba, kuphimba ndi kansalu, n'kukanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri. Tinangomva kuti thapu!

Anaizondotsa. Anaigwedeza. Anaimenya pachikhatho kawiri. Galasi phee.

Agogo anu anailandira ndi manja awiri, kuiika kukhutu, kenako kuiyang'ana. Wotchi yotuwa, mkombero wachikasu. "Ukuoneka kuti si wake," anatero motsitsa.

"Si wake, inde," anayankha a Jafali. "Koma wagwira. Pitani nayo, bambo. Eni ake adikira kokwanira."

Titafika pamsewu, agogo anu analozetsa njinga kumudzi. Ine ndinaima.

"Nambewe, kwera. Kwathu ndi uku."

"Mwana ndasiya kwa amayi, ndawauza kuti tikagona. M'kamtolomu muli chimanga chokazinga, mbatata yootcha ndi chigumu, kamba wa masiku awiri. Ku Lobi ndi uko."

"Tipita sabata yamawa. Ndikonzekere."

"Mukaibwezera m'bokosi, ine ndidzasinja nayonso."

Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinaona kukamwa kwawo kukufuna kuseka. Anatembenuza njinga.

Ulendo umenewo musaufunse. Pokwera tinkatsika n'kumakankha, potsetsereka ine ndinkatseka maso n'kuitana oyera mtima onse amene ndinkawadziwa mayina. Kaliyala wa njinga si mpando, ana inu, masiku atatu otsatira ndinkakhala chammbali. Tinagona kwa azakhali anga cha ku Mphunzi, m'mawa n'kupitiriza, tikufunsa njira kwa anthu a m'minda. Tikuyandikira, njinga inayamba kudwala. Apa akuti tcheni chakhwepa, apo akuti tayala laphwa. Ine ndinkalikanikiza tayalalo, lili gwa ngati mwala. Ndinkangodikira amalize kukonza chimene sichinaonongeke, n'kukweranso.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Mwana wina wa mbuzi anatilozera nyumba. Pabwalo panali mayi wamng'ono thupi, wa imvi, akumenya nyemba ndi ndodo yaitali kuposa iye. Amenewo anali a Nankhoma, amake a Damiano. Anatiyalira mphasa, kutipatsa madzi, n'kukhala poteropo. Moni unatha. Mukudziwa kuti moni ukatha mlendo ndiye amanena chimene wadzera. Agogo anu anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso, osatuluka.

Ndinayamba ndine, ngakhale sunali mwambo. "Amayi, tachokera ku Bembeke. Awa ndi amuna anga, a Gelevazio. Anali ku Joni."

Mayi aja anaika dzanja pakamwa. "Gelevazio woimba uja? Ankakutchulani m'kalata iliyonse. Ankati ndapeza mbale wanga, amaimba ngati mngelo koma kuphika sadziwa."

Agogo anu anagwada, kumasula kansalu, n'kupereka ndi manja awiri. "Anati ndidzapereke kwa inu pamanja. Ndachedwa, amayi. Mundikhululukire."

A Nankhoma anaitenga ngati akunyamula mwanapiye. Sanayang'ane mivi, nawonso kuwerenga nthawi sankadziwa. Anaiika kukhutu. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso ali otseka. Azibale anali atayamba kusonkhana, kukhala pansi mwakachetechete. Iwo anali atalira kale maliro opanda mtembo, ndipo chimenechi chinali chinthu choyamba cha mwana wawo kufika pakhomopo.

"Ikuyenda," anatero.

"Sinaimepo, amayi. Chiisiyireni iye."

Apo ine ndinasendera. Ndinati sindingachoke ndi bodza. Ndinafotokoza zonse, za nsanje, za musi, za tambala, za a Jafali, za chigwinjiri cha amayi, kuti mkombero wachikasuwo si umene mwana wawo ankaudziwa. Anausisita ndi chala, n'kuyang'ana dzanja langa pamene panali mzere woyera paja.

"Iwe mwana, unasinja nayo?"

"Inde, amayi."

"Wosamva iwe." Anandigwira dzanja lomwelo, osalisiya. "Amako ukawauze kuti ndaona."

Kenako anatembenukira kwa agogo anu. "Bambo, inu munali naye tsiku limenelo. A ku ofesi analemba mizere itatu yokha. Ine ndili ndi funso limodzi, landisowetsa tulo chaka chonse."

Ndinaona msana wa agogo anu ukuuma. Anaweramitsa mutu ngati munthu wodikira chikwapu.

"Tsiku limenelo, mwana wanga anadya?"

Agogo anu anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ngati sanamve bwino.

"Anadya, amayi," anatero. "Tinalandira buledi ndi mahewu tisanatsike. Anamaliza wake. Kenako anandiuza kuti kapitawo akundiitana. Nditacheuka, anatenga buledi wanganso."

A Nankhoma anaseka. Anaseka misozi ikutsika m'masaya, akumenya pansi ndi chikhatho. "Ndi yemweyo! Ndi yemweyo, Damiano wanga! Chibadwire, ukacheuka ndiwo zatha!" Azibale nawo anayamba, wina kuseka, wina kulira, wina zonse ziwiri.

Agogo anu anagwa chafufumimba pamphasa paja n'kulira ngati kamwana. Ine ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira choncho, ndipo ndinasowa poyang'ana. Analira, n'kumanena za madzi, kuti anachoka kukamwa madzi. Mayi aja anaika dzanja pamutu pawo.

"Ndiye mukanafa nonse awiri, akanandiuza ndani kuti anadya? Munachita bwino kumva ludzu, mwana wanga."

Atatonthola, agogo anu anapukuta kumaso, n'kuimirira. Anavula jekete, kutola ndodo ija pamene mayi anaisiya, n'kuyamba kumenya nyemba. A Nankhoma sanawaletse monga tichitira ndi alendo. Anangowayang'ana, wotchi ili m'manja, n'kunena kuti, "Za kumapetoko sizinaume bwino, uzisiye."

Agogo anu anamenya mpaka mulu wonse unatha. Ndipo chaka chilichonse nyemba zikauma, ana inu, agogo anu ankapopa njinga n'kupita ku Lobi kukamenya nyemba za mayi amenewo, kwa zaka zonse zimene a Nankhoma anakhala ndi moyo. Atamwalira, pa anthu onyamula bokosi, kutsogolo kudzanja lamanja, pamalo pa mwana wamwamuna, anaikapo agogo anu.